Nthenda Yapita, Kachirombo Katsala Pabwalo

Nkhani ya sabata ino ikuchokera ku Mchinji, boma la kumalire a dziko lino ndi Zambia, limene akuluakulu ena amalitchulabe ndi dzina lake lakale la Fort Manning. Kumeneko ndi kwa alimi a mtedza, fodya ndi chimanga, ndipo pakhomo pamene pali nkhokwe, khola la mbuzi ndi chigafa, galu sasoŵapo. Galu wa kumudzi sasungidwa kaamba ka maonekedwe ake ayi. Ndiye mlonda wa usiku, ndiye amene amauwa fisi akamazungulira khola, ndiyenso amene amapirikitsa anyani m'minda ya m'tsinde mwa mapiri. Tsono tiagalu tikafa tonse m'sabata imodzi, banja limadziŵa kuti lataya chuma.

Kaŵirikaŵiri zimayamba motere. Galu waswa ana pansi pa nkhokwe. Tiana tija takula bwino, taleka kuyamwa, tayamba kutsatira ana a pakhomo popita kudambo. Tsiku lina kamodzi kangogona, chakudya kosachiyang'ana nkomwe. Maŵa lake kayamba kusanza, kenaka kutsegula m'mimba, ndipo chimbudzi chake nchamadzimadzi, chosakanikirana ndi magazi, cha fungo limene munthu akalimva kamodzi saliiŵala. Maso aloŵa m'kati, khungu likatsinidwa silibwerera msanga m'malo mwake. Pakutha pa masiku aŵiri kapena atatu kafa, ndipo pamene ana akukataya kutchire, tina tiŵiri tayamba kale. Koma mayi wa tiagaluto akungoyendayenda, alibe chirichonse.

Apa mpamene mitima imayamba kuganizirana zoipa. Mwini agalu amakumbukira kuti mwezi wathawu adakangana ndi mnansi wake pa nkhani ya nkhuku imene idagwidwa ndi galu, ndipo posakhalitsa mawu amveka pamudzi akuti, "Atithirira tameki." Anthu amene adakhalirana bwino zaka zambiri amaleka kupatsana moni, mwina mpaka kukatulana kwa mfumu. Chonsecho poizoni ali ndi zizindikiro zake. Amapha m'maola ochepa chabe, galu akutuluka dovu ndi kunjenjemera, ndipo sasankha wamkulu kapena wamng'ono. Nthenda imene imasankha tiana, nkumatitenga kamodzikamodzi kwa masiku angapo, imakhala ndi chiyambi china. Njoka za m'mimba nazo zimatha kutsegulitsa magazi, nchifukwa chake woyenera kugamula ndi mlangizi wa ziŵeto, osati mphekesera za pamudzi.

Chomvetsa chisoni kwambiri chimabwera pambuyo pake. Patapita sabata ziŵiri kapena zitatu, bambo uja amapempha kagalu kena kwa mlamu wake ku Chipata, kapena amagula m'mbali mwa msewu pochokera ku Lilongwe. Kagalu kafika konenepa, kosangalala. Sabata isadathe, nakonso kayamba kusanza. Palibe amene adathira kanthu m'chakudya chake. Chakupha chidali kudikira pabwalo pomwepo, m'dothi la pansi pa nkhokwe ndi m'chiguduli chimene tinzake tidagonapo.

Nthendayi madokotala a ziŵeto amaitcha parvo, kufupikitsa dzina la kachirombo kake, parvovirus. Dzinalo lidachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chinthu chaching'ono, popeza ngakhale pakati pa tizirombo tinzake ta mtundu wa vairasi, kameneka nkamodzi mwa tating'ono kwambiri. Si nthenda ya makolo ayi. Idadziŵika m'chaka cha 1978, pamene agalu adayamba kufa mwaunyinji ku America, ku Ulaya ndi ku Australia, ndipo pofika chaka cha 1980 idali itafalikira pa dziko lonse lapansi. Akatswiri adapeza kuti kachiromboka nkachibale wa kena kamene kadali kudwalitsa amphaka kuyambira kalekale. Leland Carmichael ndi Max Appel, a ku yunivesite ya Cornell ku America, adali ena mwa oyamba kukafufuza ndi kupanga katemera wake.

Kakaloŵa m'thupi kudzera m'kamwa, kachiromboka kamafuna malo amene thupi likukula mofulumira. Kamawononga khungu la m'kati mwa matumbo, kotero kuti madzi ndi magazi zimangotuluka, ndiponso kamawononga mafuta a m'mafupa, m'mene mumapangidwa asilikali oteteza thupi. Choncho kagalu kamafa ndi zinthu ziŵiri pamodzi, kutha kwa madzi m'thupi ndi tizirombo tina ta m'matumbo timene tapeza mpata woloŵera m'magazi. Timene timagwidwa kwambiri ndi ta msinkhu wa pakati pa sabata 6 ndi miyezi 6. Kuchokera tsiku limene kachirombo kaloŵa kufikira tsiku limene zizindikiro zioneka, pamapita masiku 3 mpaka 7, nthaŵi zina kupitirirapo. Munthu satenga nthenda imeneyi. Mbuzi, ng'ombe ndi nkhuku nazonso sizidwala nayo.

Popanda chithandizo, tiagalu tambiri timafa. Timene tafika msanga kwa dokotala wa ziŵeto, nkuikidwa madzi a m'mitsempha ndi kupatsidwa mankhwala oletsa kusanza ndi olimbana ndi tizirombo ta m'magazi, tambiri timachira. M'chaka cha 2023 dziko la America lidaloleza mankhwala atsopano olimbana ndi kachirombo kenikeniko, koma chithandizo chachikulu chikadali madzi. Kumudzi kumene dokotala ali kutali, kagalu kamene kaleka kusanza kangamwetsedwe madzi a mchere ndi shuga, aja amene ana amamwa akatsegula m'mimba, pang'onopang'ono ndi supuni, uku uthenga utatumizidwa kwa mlangizi. Mankhwala a anthu oletsa kupweteka asayesedwe pa galu, chifukwa ena mwa iwo ndi poizoni kwa iye.

Koma mutu weniweni wa nkhaniyi ndi zimene zimatsala nthenda itapita. Tizirombo tambiri ta mtundu wa vairasi tiri ndi chikuto cha mafuta, ndipo sopo akasungunula chikutocho, kachirombo kafa. Ka parvo kalibe chikuto chotere. Sopo sakapha, spiriti sakapha, mankhwala ambiri onunkhira otsukira m'nyumba sakaphanso, ngakhale asiye fungo la kuchipatala pakhomo ponse. Kachasu amene ena amathira pansi pokhulupirira kuti amawotcha chirichonse, apa amangotayika pachabe. Chimbudzi cha kagalu kamodzi kodwala chimakhala ndi tizirombo mamiliyoni osaŵerengeka, ndipo pamthunzi ndi pachinyontho timakhala ndi mphamvu kwa miyezi yambiri, mwina chaka chathunthu kapena kupitirira.

Cholakwa choyamba chimachitika mbandakucha, ndipo amachichita ndi munthu waukhondo. Mayi wa pakhomo amadzuka nkutenga tsache, nkusesa bwalo lonse monga mwa masiku onse, kuyambira kunkhokwe, kudutsa pakhonde ndi pakhomo la kukhitchini, mpaka kudzala. Tsache lija latenga tizirombo pamalo amodzi nkutimwaza ponseponse, ndipo zotsala zakaunjikidwa kudzala, kumene agalu onse a m'mudzi amadzafukula usiku. Pakhomo pamene pagwa nthendayi, tsache liyambe ladikira. Chida choyamba ndi khasu.

Munthu wamkulu mmodzi, osati ana, ndiye agwire ntchitoyi, atavala majombo a labala ndi timatumba ta pulasitiki m'manja. Akumbe dzenje lakuya mita imodzi kapena kuposerapo, kutali ndi chitsime, mjigo ndi dimba. M'menemo muloŵe tiagalu takufa, ndipo pamwamba pake, dothi litakwiriridwa ndi kupondedwa, paikidwe miyala kapena minga kuti agalu ndi afisi asafukule. Kutaya mtembo wa kagalu kudambo kapena mumtsinje, kaya ndi Bua kapena kamtsinje ka kuseri kwa mudzi, ndiko kutumiza nthenda kwa anthu a kumunsi amene sadalakwe kanthu. M'dzenje lomwelo muloŵenso chimbudzi chonse ndi masanzi, zotapidwa ndi fosholo pamodzi ndi dothi la pansi pake, osati kungopalidwa pamwamba.

Kenaka abwere pa katundu. Masaka, ziguduli, nsanza, makatoni ndi mphasa yakutha zimene tiagalu tidagonapo zitenthedwe, pakuti palibe njira yodalirika yozitsukira, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa galu. Phale limene tidali kudyera liswedwe nkukwiriridwa, chimodzimodzinso mbale ya pulasitiki yong'aluka, popeza m'ming'alumo mankhwala safikamo. Mbale zachitsulo zitsukidwe ndi sopo, nkuŵiritsidwa m'madzi pamoto kwa mphindi 10 kapena kuposerapo. Madzi ofunda chabe sathandiza, kachiromboka kamapirira kutentha kumene kumapha tinzake tambiri. Madzi achite kubwadamuka.

Mankhwala amene amakapha, amenenso amapezeka m'magolosale a pa Kamwendo, pa Mkanda, pa Kapiri ndi pa boma pomwe, ndi klorini wamadzi woyeretsera zovala, amene ambiri amamudziŵa ndi dzina la Jik. Mphamvu yake imalembedwa pa botolo. Ngati palembedwa 3.5 peresenti, muyeso wake ndi kapu imodzi ya mankhwala ku makapu 20 a madzi, ndiye kuti lita imodzi ikwanira ndowa ya malita 20. Ngati palembedwa 5 peresenti, kapu imodzi ipite ku makapu 30. Madzi akhale ozizira, ndipo osakanizawo agwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo, chifukwa klorini akasungunulidwa nkukhala padzuŵa amatha mphamvu. Botolo limene lakhala chaka pawindo la golosale nalonso silikhala ndi mphamvu imene yalembedwapo.

Chiyambire mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, mabanja ambiri adazoloŵera kuthira klorini m'madzi akumwa. Pamenepa pasakhale chisokonezo. Muyeso wa m'madzi akumwa ngwochepa kwambiri, sungaphe parvo. Ndipo muyeso wophera parvo ngwaukali, sumwedwa, suyenera kusiyidwa m'botolo la zakumwa pamene mwana angafikire. Amene ali ndi klorini waufa afunse mlangizi wa zaumoyo za muyeso wake, popeza ufawo ngwamphamvu kuposa wamadzi kutalitali. Klorini asasakanizidwe ndi mankhwala ena alionse, kaya otsukira m'chimbudzi, kaya viniga, ndipo asasungunulidwe m'ndowa imene mudali feteleza kapena mankhwala a fodya, chifukwa mumatuluka mpweya umene umapsereza maso ndi chifuŵa. Potsuka m'nyumba, zitseko ndi mawindo zikhale zotsegula.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amachiphonya, ndipo chikaphonyedwa ndalama za mankhwala zimapita pachabe. Klorini akakumana ndi litsiro, ndowe kapena mafuta, mphamvu yake imathera pa zimenezo, osafika pa kachirombo. Motero pasimenti, pakhonde la njerwa, pachitseko ndi m'munsi mwa makoma, choyamba nkukwecha ndi sopo ndi burashi mpaka litsiro lonse litachoka, nkutsukuluza. Sopoyo sadaphe kanthu, wangolambula njira. Pamenepo mpamene madzi a klorini athiridwe, ndipo malowo akhale onyowa kwa mphindi 10 zathunthu. M'nyengo yotentha, simenti imauma mphindizo zisadakwane, tsono nkofunika kuthiranso. Pambuyo pake atsukuluze ndi madzi abwino, nkusiya kuti paume. Kubwereza ntchito yomweyi kaŵiri kapena katatu pa masiku osiyana si kuwononga mankhwala.

Majombo, fosholo, khasu ndi burashi zitsukidwe mwa njira yomweyo. Zisaiŵalikenso zidendene za nsapato za onse a pakhomo, ndi matayala a njinga imene imagona pakhonde, chifukwa njinga imene yaponda chimbudzi m'maŵa imakhala itafika kumsika masana. Zovala zoyera zinyikidwe m'madzi a klorini. Chitenje chamaluŵa chingathe kusuluka, choncho chimenecho ndi bwino chiŵiritsidwe, nkuyanikidwa padzuŵa.

Nanga nyumba zozira, zimene ndizo zambiri kumidzi? Nanga bwalo lenilenilo? Apa chilungamo chake nchakuti dothi silitsukika. Munthu angathire mabotolo khumi pabwalo, dothi lidzamwa onsewo, udzu udzapsa, kachirombo kadzatsala. Amene amauza alimi kuti awaze mankhwala pabwalo lonse nkugona mtima uli m'malo, amawanamiza. Chimene chingachitike nkuchotsa dothilo ndi kuitana dzuŵa. M'khitchini ndi pakhonde lozira, dothi lapamwamba lipalidwe ndi khasu, akuya ngati zala zitatu, likatayidwe m'dzenje lija, ndipo amayi azirenso ndi dothi lochokera kumene agalu a pakhomo safikako. Pabwalo, malo onse amene tiagalu tidali kugona ndi kudzithandizira apalidwe chimodzimodzi. Udzu wautali umwetedwe, nthambi zotchinga zisadzidwe, milu ya njerwa ndi nkhuni isunthidwe, kuti dzuŵa ndi mphepo ziume pansi.

Malo ovuta kuposa onse ndi aja amene galu adasankha yekha poswa, pansi pa nkhokwe ndi m'ngodya ya chigafa. Adawasankha chifukwa ngozizira ndi amdima, ndipo pa chifukwa chomwecho kachirombo kamakhalitsamo. Moto sungayatsidwe pamenepo. Chotheka nkupala dothi mpaka pamene khasu lingafike, nkutseka mozungulira ndi njerwa, bango kapena minga kuti galu aliyense asaloŵenso. Ikafika nthaŵi yoluka nkhokwe yatsopano pambuyo pa kukolola, imangidwe pamalo ena, malo akalewo asiyidwe poyera kuti dzuŵa la Okutobala liwapse.

Agalu amene atsala pakhomo nawo ali ndi mbali yawo. Wamkulu amene akuoneka wathanzi angathe kutulutsa kachirombo m'chimbudzi chake popanda kudwala. Kagalu kamene kachira kamapitiriza kutulutsa kwa sabata ziŵiri kapena kuposerapo, ndiponso ubweya wake umasunga tizirombo, choncho kasambitsidwe bwino ndi sopo, koma osati ndi klorini. Onseŵa amangidwe kapena atsekeredwe pamalo amodzi kwa mwezi wathunthu, chimbudzi chawo chizitoledwa tsiku ndi tsiku. Kumanga galu wa kumudzi amene adazoloŵera kuyenda nkovuta, adzalira usiku wonse, koma akamasulidwa adzayendera makomo onse kusadache.

Mwambo wabwino wogaŵana tiagalu pachibale uyambe waima. Kamodzi kakadwala, mwini wake amafulumira kupereka totsalato kwa abale poganiza kuti akutipulumutsa. Komatu kagalu kamayamba kutulutsa kachirombo zizindikiro zisadaoneke, ndipo kamene kanyamulidwa m'dengu lero kakukapereka nthenda kumudzi wachiŵiri. Ku Mchinji chibale sichidziŵa malire. Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu ali ndi abale awo kwa Mpezeni, Acheŵa amapita ku Kulamba ku Katete chaka ndi chaka, ndipo kwa munthu wa pa boma, Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe. Pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, chimene chidakhala ofesi imodzi ya maiko onse aŵiri m'chaka cha 2022, galu amayenera kudutsa ndi chilolezo ndi chikalata cha dokotala wa ziŵeto. Ambiri amaona ngati chimenechi nchovutitsa chabe, nkudzera njira zachidule za m'minda. Chakudza sichiimba ng'oma. Kagalu ka m'thumba kamene kazemba ofesi kangathe kumaliza tiagalu ta mudzi wonse. Mwini pakhomo pamene pagwa nthendayi achita bwino kudziŵitsa anansi ake ndi anyakwaŵa tsiku lomwelo, kuti amene ali ndi tiana atitsekere, ndipo ana asamapite kukaseŵera nato.

Funso limene mwini agalu aliyense amafunsa nlakuti, kodi kagalu kena kangabwere liti? Kopanda katemera kasabwere pasadathe miyezi 6, ndipo pakhomo pamthunzi, kapena pamene nthenda idagwa m'dzinja dothi liri lonyowa, ndi bwino kudikira chaka. Ngati tiagalu tidafa m'Febuluwale, mwachitsanzo, bwalo lidutse m'chisanu cha Juni ndi Julayi, liwambidwe ndi dzuŵa la Seputembala ndi Okutobala, nkhani ya kagalu kena isadayambike.

Amene sangathe kukhala miyezi yonseyi popanda mlonda ali ndi njira ziŵiri. Yoyamba nkutenga galu wamkulu amene adalandira katemera. Yachiŵiri nkusiya kagalu kwa mwini wake mpaka katamaliza katemera yense. Jekeseni woyamba amabayidwa pa msinkhu wa sabata 6 mpaka 8, nkumabwerezedwa pakapita sabata 3 kapena 4, kufikira kagalu katakwana sabata 16. Kubwerezaku kuli ndi chifukwa chake. Mkaka woyamba wa mayi umapatsa mwana chitetezo chimene chimatha pang'onopang'ono, ndipo pamene chikadalipo chimalepheretsa katemera kugwira. Tsiku limene chimathera limasiyana pa kagalu kalikonse, choncho jekeseni mmodzi angathe kuphonya. Katemerayu amasungidwa m'firiji. Amene wayenda m'thumba la malaya tsiku lonse pamsika ndi madzi chabe, ngakhale botolo lake likhale lenileni.

Pomaliza pali chisokonezo chimene alangizi amakumana nacho kaŵirikaŵiri. Mwini galu amatulutsa kachikalata nkunena kuti galu wake adabayidwa kale padibi pa nthaŵi ya kampeni. Jekeseni ameneyo ngwa chiwewe, nthenda imene imapha ndi anthu omwe, ndipo galu aliyense ayenera kuulandira. Koma katemera wa chiwewe sateteza ku parvo, wa parvonso sateteza ku chiwewe. Wa parvo amachita kufunsidwa payekha, ndipo kaŵirikaŵiri amalipiridwa. Za kumene angapezeke, mlimi afunse kwa mlangizi wa ziŵeto wa m'dera lake kapena ku ofesi ya zaulimi pa boma la Mchinji. Ku Lilongwe kuli madokotala a ziŵeto oima paokha, ndiponso bungwe losamalira nyama la LSPCA, limene lidayamba ntchito yake m'chaka cha 2008. Mabanja angapo a mudzi umodzi akagwirizana tsiku, mtengo wa ulendo umagaŵanika. Kagalu kakalandira jekeseni wotsiriza, kadikirebe sabata ziŵiri kwa mwini wake, ndipo pofika pakhomo patsopano kapeze mbale yatsopano, chogonera chatsopano, ndi malo ogona kutali ndi pamene padali nkhokwe yakale.